Kuchiza kuola kwa chiboda kosamva mankhwala pa kavalo ndi bulu

Mukatukula phazi la kavalo kapena bulu n'kumva fungo loipa, ndipo m'ngalande zapansi pa chiboda mukutuluka zakuda zomata, chiwetocho chili ndi matenda amene a vetenale amawatcha thrush. Akangoyamba kumene savuta. Kutsuka ndi kuthira mankhwala kwa sabata imodzi kapena ziwiri, fungo latha. Malangizo awa ndi a mtundu wamakani uja, umene umazilala lero n'kubukanso mvula ikangogwa kawiri. Eni ziweto ambiri akafika pamenepa amathamangira mankhwala aukali kwambiri, koma kawirikawiri vuto silikhala mphamvu ya mankhwala. Mankhwalawo sakufika pansi pa mng'alu pamene pali tizilombo, ndipo phazi likangothiridwa likubwerera m'matope ndi m'ndowe momwe linadwalira.

Pamene matenda amabisala

Pansi pa chiboda, chakumbuyo, pali kanyama kolimba koma kofutukuka, kooneka ngati chilembo V, kamene akatswiri a ziboda amakatcha frog. Nsonga yake imaloza kutsogolo, ndipo kotambalala kwake kuli kuchidendene. M'mbali mwake muli ngalande ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, ndipo pakati pake pali ngalande yachitatu. Pa phazi labwino ngalande yapakatiyi ndi yosaya, kadzenje chabe koti chala chachikulu n'kukhalamo, ndipo pansi pake pamaoneka. Pa phazi la thrush yokhalitsa, kadzenjeka kamasanduka mng'alu wopapatiza umene umalowa masentimita 2 kapena kupitirira, n'kukwera pakati pa mbali ziwiri za chidendene mpaka pamene ubweya umayambira.

Tizilombo timene timaoletsa frog ndi ta mitundu ingapo, koma kotchuka ndi Fusobacterium necrophorum, komwenso kamapezeka pa kuola kwa mapazi a ng'ombe ndi nkhosa. Kamakhala m'ndowe ndi m'dothi, ndipo kamaswana pamalo posafika mpweya. Mng'alu wopapatiza wodzaza ndowe ndi malo oterowo. Mukapopera mankhwala pamwamba, frog imaoneka yofiirira bwino, fungo limachepa, koma pansi pa mng'alu sipanakhudzidwe n'komwe.

Bulu ali pangozi yoposa kavalo. Makolo ake anali a m'madera ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ndipo chiboda chake chimamwa madzi msanga n'kufewa. Abulu okoka ngolo kwathu kuno, amene amagona m'khola lopanda denga kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiwo amavutika kwambiri.

Choyamba: tsimikizani kuti ndi thrush

Musanagule botolo lina la mankhwala, yang'anani phazilo pa kuwala kokwanira mutalitsuka. Thrush imadya nyama: frog imachepa, imanyenyeka, imakhala ndi mabowo, ndipo zotuluka zimakhala zakuda. Pali matenda ena otchedwa canker amene amayambiranso pa frog koma amachita zosiyana. Nyama imamera mopitirira, yoyera motuwa, yofewa, yotuluka magazi mukangoikanda, ndipo imafalikira kupita kuchidendene ndi pansi ponse pa chiboda. Imeneyi sichira ndi mankhwala opaka okha. Imafunika dokotala wa ziweto kuti adule nyama yoipayo chiwetocho atachibaya mankhwala oletsa ululu. Anthu ambiri ataya miyezi akuchiza canker ngati thrush.

Ngati chiweto chayamba kutsimphina mwadzidzidzi mpaka kukana kuponda, chiboda chikutentha, ndipo mtsempha wakuseri kwa kakolo ukugunda mwamphamvu, ganizirani za mafinya otsekeredwa m'kati mwa chiboda kapena msomali umene walasa. Ngati kuola kuli m'mphepete, pamzere umene khoma la chiboda limakumana ndi pansi pake, ndipo pakutuluka zonga ufa, amenewo ndi matenda a mzere woyera, ofala kwambiri pa abulu. Onsewa ali ndi kachizidwe kawo.

Itanani a vetenale tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi: mwendo watupa kukwera m'mwamba, mng'alu ukutuluka magazi kapena mafinya oyera, chiweto chasiya kudya, kapena thupi latentha kupitirira madigiri 38.5 pa kavalo. Pa bulu, kutentha koyenera kumakhala kotsikirapo, ndipo kukadutsa 38 muyambe kukayika. Bulu sadandaula msanga. Amangoima duu, makutu ali pansi, ndipo bulu wosiya kudya amatha kudwala matenda a mafuta ochuluka m'magazi amene amapha m'masiku ochepa.

Funsaninso za katemera wa kafumbata. Akavalo ndi abulu amagwidwa ndi kafumbata mosavuta, ndipo bala lakuya la kuphazi lodzaza ndowe ndi khomo lake lenileni. Katemera amabayidwa kawiri, motalikirana masabata 4 mpaka 6, kenako wobwereza pakatha chaka. Chiweto chosatemeredwa chimene mng'alu wake wafika panyama yamoyo chimafunika jakisoni woteteza mwachangu, amene dokotala amabaya.

Chachiwiri: sonkhanitsani zida

Mufunika kachitsulo kokhota kokolowolera ziboda, kosathwa kunsonga; burashi yolimba ndi mswachi wakale; sirinji ya 20 ml yopanda singano, makamaka ya mlomo wautali; thonje la kuchipatala kapena bandeji yopyapyala; nsalu zouma zingapo; magolovesi; chidebe chapulasitiki; ayodini wa mtundu wa povidone wa 10 peresenti, monga Betadine; ndi shuga woyera. Msomali, waya ndi mpeni wakukhitchini musazibweretse pafupi. Frog yoola ndi yofewa, ndipo chiweto chikangogwedeza mwendo mwaboola nyama yamoyo.

Gwirirani ntchito pamalo ouma, osesedwa, makamaka pasimenti. Pakhale munthu wina wogwira chingwe kumutu, ataima mbali yomwe inu muli. Imani pafupi ndi phewa la chiweto mutayang'ana kumchira, tsetserezani dzanja kutsika ndi mwendo, mutsamire pang'ono kuti kulemera kupite kumiyendo ina, ndipo phazi litukuka. Weramani, koma osagwada kapena kukhala pansi. Pa bulu musakweze phazi kwambiri kapena kulikokera kumbali. Ndi wamfupi, zimamupweteka m'chiuno, ndipo mawa lake sadzalola.

Chachitatu: chiboda chisemedwe

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, chonsecho mankhwala onse amadalira pamenepa. Wosema ziboda wodziwa ntchito yake achotse tizikopa tonse tolendewera ta frog, atsegule ngalande zam'mbali, ndipo apale m'mphepete mwa mng'alu wapakati kuti ukhale wotambalala pamwamba m'malo mokhala wotsekeka. Achotse zakufa zokha. Akafika panyama yolimba, yotuwa bwino, yosanunkha, aime. Kusema mpaka magazi n'kulakwitsa, chifukwa kwatsegulira tizilombo njira yolowera m'kati. Kupala frog yonse kuti ioneke yosalala n'kulakwitsanso, popeza frog yopyapyala sigunda pansi ndipo imafota.

Ayang'anenso kaimidwe ka chiboda chonse. Zidendene zikatalika kwambiri, frog imalendewera m'mwamba osagunda nthaka. Frog yosagwira ntchito imachepa, zidendene zimayandikana, ndipo ngalande yapakati imafinyika n'kusanduka mng'alu. Zidendenezo zitsitsidwe pang'onopang'ono ndi tupa, pa maulendo awiri kapena atatu, osati tsiku limodzi, kuopa kukoka mitsempha yakuseri kwa mwendo. Chiboda cha bulu chimaima chilili kuposa cha kavalo, choncho asachiseme motengera kavalo.

Pali vuto linanso limene limasunga thrush kwa zaka. Gwirani mbali ziwiri za chidendene, dzanja lina uku lina uku, muzikankhe mosiyana, ina m'mwamba ina pansi. Pa phazi labwino zimayendera limodzi. Zikamasuntha payokhapayokha, kapena ina ili pamwamba kuposa inzake, ndiye kuti chiweto chikamaponda mng'alu uja ukung'ambikanso pa sitepe iliyonse. Bala lotere silingapole ngakhale mutathira mankhwala abwino chotani. Chibodacho chiyenera kulinganizidwa, ndipo pa akavalo ena pamafunika nsapato yachitsulo yolumikizana kumbuyo kuti zidendene zileke kugwedera mpaka mng'alu utatsekeka.

Ngati kavalo wavala nsapato zokhala ndi labala kapena chikopa chophimba pansi pa chiboda, zichotsedwe. Pansi pa chophimbacho pamakhala chinyezi ndipo simungafikepo. Nsapato yopapatiza kumbuyo imafinya zidendene. Pamene ntchito ndi nthaka zikulola, kumusiya kavalo wopanda nsapato kwa miyezi iwiri kapena itatu kumathandiza zidendene kutambasuka.

Chachinayi: kutsuka kwa tsiku ndi tsiku

Kolowolani dothi ndi ndowe kuyambira kuchidendene kupita kutsogolo, ngalande iliyonse payokha. Kwechani ndi burashi youma. Kenako sakanizani ayodini 10 ml m'madzi aukhondo okwana lita imodzi, mukweche frog ndi ngalande zake ndi mswachi. Amene ali ndi chlorhexidine angagwiritse ntchito ameneyo m'malo mwa ayodini, koma osasakaniza awiriwa, ndiponso osamuphatikiza ndi sopo wamba chifukwa sopo amamufooketsa.

Tsopano mng'alu wapakati. Kupopera ndi sirinji kokha sikuchotsa zomata za pansi. Dulani bandeji yotalika masentimita 20 mpaka 30, muinyowetse m'madzi a ayodini aja, muilowetse mumng'alu ndi msana wa kachitsulo kanu, kenako mugwire nsonga zake ziwiri n'kumaikoka uku ndi uku kuti ipukute pansi. Ituluka yakuda bii. Tayani, tengani ina, bwerezani mpaka bandeji ituluke yoyera. Masiku oyamba zingatenge bandeji zinayi kapena zisanu pa phazi limodzi. Chiweto chikanjenjemera kapena kubweza mwendo mukafika pansi, dziwani kuti matenda afika pafupi ndi nyama yamoyo, ndipo muchepetse mphamvu.

Mukatha, umitsani. Lowetsani bandeji youma mumng'alu, pukutani ngalande zonse ndi nsalu, ndipo chiweto chiime pasimenti youma mphindi 10. Mankhwala othiridwa pa phazi lonyowa amasungunuka n'kutsetsereka.

Kuviika phazi m'chidebe tsiku ndi tsiku sikuthandiza pa thrush. Kumafewetsa chiboda chimene mukufuna kuti chiume. Kuviika m'madzi ofunda a mchere ndi kwa mafinya otsekeredwa, ndipo ngakhale pamenepo ndi kwa masiku owerengeka.

Chachisanu: mankhwala, ndi kuwafikitsa pansi

Sankhani mankhwala potengera kuya kwa bala. Pamene mng'alu ndi wakuya, wopweteka, kapena wooneka nyama yofiira pansi, pamafunika mankhwala ofatsa. Osavuta kupeza ndi shuga wosakaniza ndi ayodini. Tengani magawo 2 a shuga woyera ndi gawo limodzi la ayodini wa 10 peresenti wosasungunula, mutakase mpaka zilimbe ngati chiponde. Shuga amakoka madzi m'bala ndi m'tizilombo, ayodini amapha, ndipo zonse pamodzi siziwotcha nyama yatsopano. Sungani m'kabotolo kotseka, ndipo muzitakasa musanagwiritse ntchito chifukwa shuga amakhazikika pansi.

Ikani zosakanizazo m'sirinji, lowetsani mlomo wake mpaka pansi pa mng'alu, mufinye uku mukubweza sirinji pang'onopang'ono kuti mng'alu udzaze kuchokera pansi. Kenako tengani thonje, mulipote likhale kachingwe konenepa ngati pensulo, mulipake mankhwala omwewo, mulikankhire mumng'alu ndi msana wa kachitsulo. Lilowe mokwanira kuti lisagwe chiweto chikamayenda, koma osalipanikiza mpaka kupweteka. Thonjeli limagwira ntchito zitatu: limasunga mankhwala pamalo, limatsekereza ndowe, ndipo limatanula mng'alu pang'ono kuti mpweya uzilowa. Chitani chimodzimodzi m'ngalande zam'mbali ngati nazonso zili zakuya.

Sinthani thonje tsiku lililonse. Thonje loiwalika masiku atatu limasanduka chinthu chonyowa chodzaza ndowe, ndipo limawonjezera matenda amene munafuna kuchiza. Muziwerenga zidutswa zimene mwalowetsa kuti potulutsa pasatsale kena pansi.

Ngati patatha masiku 7 mng'alu ukadali wopweteka ndi wonunkha, kambiranani ndi a vetenale. Ambiri amapereka timachubu ta mankhwala ochizira kutupa kwa bere la ng'ombe za mkaka, chifukwa tili ndi mlomo wautali wopyapyala umene umafika pansi pa mng'alu. Ena amakonza phala la metronidazole, mankhwala olimbana ndi tizilombo tosafuna mpweya. Amenewa ndi maantibayotiki, choncho asankhe ndi dokotala, ndipo masiku amene wanena akwane.

Pamene bala lili pamwamba, pa nyama yakufa yokha, kapena mng'alu wayamba kudzaza ndipo sukupwetekanso, mungagwiritse ntchito mankhwala oumitsa. GV wa kuchipatala amagwira, komanso sipuleyi ya oxytetracycline imene alimi a ng'ombe amaidziwa, bola muipopere pathonje n'kulilowetsa m'ngalande m'malo mongopopera pamwamba. Copper sulphate, mchere wa buluu uja, ndi wamphamvu: magalamu 50 m'lita imodzi ya madzi, wopakidwa ndi mswachi kawiri kapena katatu pa sabata. Musungunulireni m'chidebe chapulasitiki chifukwa amadya chitsulo, valani magolovesi, ndipo asakhudze khungu la kuchidendene. Pakani Vaseline pakhungupo musanayambe. Otsala musawataye pamene nkhosa zimamwa kapena m'dziwe la nsomba, amapha.

Tsono za mankhwala oipa. Formalin, Jik wosasungunula, ayodini waukali wa 7 peresenti, ndi copper sulphate waufa wothiridwa pabala lofiira, zonsezi zimachotsa fungo msanga, ndipo n'chifukwa chake anthu amazikhulupirira. Zimene zimachita n'kuwotcha nyama yamoyo imene imayenera kumeretsa frog yatsopano. Nyama yopsayo imafa, n'kukhala chakudya cha tizilombo tomwe tija, ndipo pamwamba pamapangika chikhungwa cholimba chimene chimatsekera matenda m'kati. Pakatha masabata awiri fungo labwerera, mwini wake n'kuwonjezera mankhwala omwewo. Thrush yambiri yotchedwa yosamva mankhwala imayamba motere. Oyilo wakuda wa galimoto, girisi ndi phula nazonso ayi. Zimamata pamwamba n'kutsekereza mpweya, chonsecho mpweyawo ndiwo chinthu chenicheni chimene tizilomboti timadana nacho.

Jakisoni sachiza thrush wamba. Nyama yoolayo ilibe mitsempha ya magazi, choncho mankhwala obaya safikako. Amafunika pokhapokha matenda atalowa m'kati kapena mwendo utatupa. Komanso mankhwala ena obaya amene amagwira bwino pa ng'ombe amatupitsa pobayapo kapena kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa pa kavalo. Osatenga botolo la ng'ombe n'kubaya kavalo kapena bulu mongoganizira.

Kodi phazi limangidwe? Kawirikawiri ayi, thonje la mumng'alu ndi lokwanira. Ngati bala ndi lotseguka kwambiri ndipo palibiretu malo ouma, mangani ndi bandeji ndi tepi yolimba, koma muzimasula tsiku lililonse. Osamanga pepala lapulasitiki kapena labala wa chubu kuzungulira kakolo. Zimasunga thukuta, ndipo zikathina zimaimitsa magazi.

Chachisanu ndi chimodzi: khola

Kavalo wa makilogalamu 450 amatulutsa ndowe ndi mkodzo zopitirira makilogalamu 20 patsiku. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa amoniya, mpweya wolasa m'mphuno uja, ndipo amoniya amafewetsa chiboda. Mukalowa m'khola m'mawa maso n'kuyamba kuyabwa, mapazi a chiweto agona m'zimenezo usiku wonse. Chotsani ndowe m'mawa ndi madzulo, ndipo zogonera zonyowa zichoke tsiku lililonse mpaka pansi penipeni, osangowaza zouma pamwamba. Pamalo onyowapo wazani laimu wa kumunda, musiye paume chiweto chili kunja, kenako muyale zouma. Laimu womangira nyumba amawotcha khungu, musamugwiritse ntchito pamene chiweto chidzapondapo. Zopalidwa za matabwa zimamwa madzi kuposa udzu.

Khola la dothi lokumbika pakati likwiriridwe kuti pakati pakhale pokwera ndipo madzi azitsetserekera kunja. Kumbani ngalande kuzungulira, ndipo madzi a padenga asagwere pakhomo. Ngati simungakonze khola lonse, konzani malo amodzi okwera, okwana mamita 3 mbali zonse pa chiweto chimodzi, a miyala ya kwale pansi ndi mchenga kapena timiyala tosalala pamwamba, okhala ndi denga. Ikani chakudya pamenepo kuti chiweto chiziimapo chokha. Malo amene amaiwalika ndi pachipata ndi pomwera madzi, pamene ziweto zimaima nthawi yaitali n'kupondaponda mpaka kusanduka thope losakanikirana ndi ndowe. Pamenepo pathiridwe miyala, kapena chomwera chizisunthidwa.

Matope a kudambo okha si oopsa ngati matope a m'khola. Chiweto chimene chimayenda m'dothi lonyowa loyera masana n'kugona pouma usiku chimachira. Chimene chimagona m'ndowe sichichira.

Kuyenda

Phazi likaponda, frog imafinyika, zidendene zimatanuka pang'ono, dothi la m'ngalande limagwa lokha, ndipo magazi amayenda bwino m'chiboda. N'chifukwa chake thrush imapezekanso pa akavalo okhala m'makola aukhondo kwambiri koma osatuluka. Ngati chiweto sichikutsimphina, chiyendetseni mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse panthaka youma yolimba, thonje lili momwemo. Chotsimphina chisakwezedwe munthu kapena kumangidwa pangolo mpaka chitayamba kuponda chidendene bwinobwino. Yang'anani kapondedwe kake kuchokera kumbali: chiweto chimene kuchidendene kukupweteka chimayamba kugunda pansi ndi nsonga ya chiboda, ndipo chikamachira chimabwerera kuponda chathyathyathya kapena kuyambira kuchidendene.

Ngati thrush ili pa phazi limodzi lokha ndipo ena atatu ali bwino, funsani chifukwa chake. Kawirikawiri phazi limenelo ndi lopapatiza kuposa linzake chifukwa chiweto chakhala chikulisunga kwa nthawi yaitali. Ululu ungakhale kwina, m'mfundo kapena m'kati mwa chiboda, ndipo thrush yangobwera pambuyo. Pamenepo dokotala ayeze mwendo wonse.

Kudziwa ngati zikuyenda

Fungo ndi zakuda ziyenera kuchepa kwambiri pofika tsiku la 5 mpaka 7, ndipo kupweteka kuthe mkati mwa masabata awiri. Mng'alu sutsekeka msanga choncho. Umadzaza kuchokera pansi, nyama yatsopano ikamamera, ndipo wakuya umatenga mwezi umodzi mpaka itatu. Chizindikiro chodalirika ndi thonje: sabata iliyonse likulowa lochepa, mpaka tsiku lina likukana kukhala. Kuti musadzinamize, yezani kuya ndi kamtengo kokulungidwa thonje kamodzi pa sabata, mulembe, ndipo mujambule phazilo ndi foni mutalitsuka, mbali yomweyomweyo.

Mng'alu ukamata pamwamba pansi pakadali dzenje, sikuchira kumeneko. Dinani pamenepo ndi chala. Pakakhala pofewa kapena patuluka zakuda, wosema ziboda atsegulenso.

Kulakwitsa kofala ndi kusiya fungo likangotha. Pitirizani kutsuka ndi kuika thonje tsiku ndi tsiku mpaka pansi pa ngalande paoneke ndi maso, pouma ndi polimba. Mukafika pamenepo chepetsani mankhwala, kawiri pa sabata kwa mwezi wina, kenako musiye. Kupaka mankhwala oumitsa chaka chonse kumaumitsa frog mopitirira mpaka kung'aluka, ndipo ming'alu yatsopanoyo imayambitsanso vuto.

Zonse zikachitidwa koma osasintha

Pakatha masabata 4 mukutsuka bwino, chiboda chasemedwa, khola ndi louma, koma palibe kusintha, dokotala aonenso ngati si canker, ndipo ngati n'kotheka atenge kanyama kukayeza. Pa chiweto cha zaka zopitirira 15, yang'anani ubweya wautali wosathothoka nyengo yotentha, kumwa ndi kukodza kwambiri, kuonda kumsana, ndi zilonda zochedwa kupola. Zimenezi zimaloza matenda a PPID, amene ena amawatcha Cushing's, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi. Amayezedwa m'magazi ndipo mankhwala ake ndi pergolide. Popanda kuwagwira amenewo, matenda a kuphazi amangobwerezabwereza.

Chakudya chili ndi gawo lake, ngakhale si lalikulu monga amanenera ogulitsa. Chiweto choonda, chodya udzu wouma wokhawokha, chimamera chiboda chofooka. Chipatseni chakudya chokwanira ndi mchere wonyambita wopangidwira akavalo, wokhala ndi zinc ndi copper. Wa ng'ombe muyambe mwawerenga chikalata chake, chifukwa wina amakhala ndi urea, ndipo zakudya zina za ng'ombe ndi nkhuku zimakhala ndi monensin amene amapha akavalo. Zotsatira za chakudya musaziyembekezere msanga. Khoma la chiboda limakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndipo kuti chiboda chonse chisinthike pamapita miyezi 9 mpaka 12.

Chiweto chikachira, ziboda zikolowoledwe tsiku lililonse, makamaka madzulo chisanalowe m'khola, ndipo mphuno yanu izigwira nawo ntchito chifukwa fungo limabwera zakuda zisanaoneke. Kavalo asemedwe masabata 6 mpaka 8 alionse, ndipo amene zidendene zake zikukonzedwa, masabata 4 mpaka 5. Bulu asapitirire masabata 10. Kumene mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala, kusema kumodzi kugwere mu Okutobala, ndipo miyala ya pachipata ithiridwe mwezi womwewo nthaka ikadali youma.